Rodwell Ngozo ndi dzina la Mayi Doyle

Rodwell Ngozo, Mngoni wa ku Ntcheu, anafika ku Dublin mu 2009 kudzapempha malo othawirako. Mapepala atatuluka, anapeza ntchito yosamalira okalamba ku Blanchardstown. Ndi munthu wosalankhulalankhula, ndipo chisoni chake ankachidziwa ndi mkazi wake yekha. Amayi a Rodwell akudwala kumudzi, anaimba foni kuti atsanzike mdzukulu wawo Chiku, wobadwira konkuno. Mwanayo anamva zonse, koma Chichewa chinamukanika pakamwa. Agogowo anamwalira osamva yankho.

Kwa miyezi Rodwell sankamuyang'ana bwino mwana wake.

Mwa okalamba ake munali Mayi Peggy Doyle, mphunzitsi wopuma wa zaka 88. Tsiku lina akuwapesa tsitsi, mayiwo anamufunsa chimene chinkamudya mtima, ndipo iye anaulula.

"Dzina langali ukulidziwa tanthauzo lake?" anafunsa mayiwo. "Doyle ndiye kuti mlendo wakuda."

Rodwell anaseka koyamba sabata imeneyo.

Mayi Doyle anafotokoza za Avaikingi, anthu ochokera kumpoto amene anabwera pa zombo zaka zoposa chikwi zapitazo, eni dziko n'kuwatcha alendo akuda. Anatentha nyumba za amonke, anagwira akapolo, kenako anamanga mudzi m'mbali mwa mtsinje wa Liffey. Anakwatira akazi a dziko lino, ana n'kuyamwa chinenero cha amayi awo. Patapita mibadwo anabatizidwa, ndipo chinenero cha makolo awo chinazilala.

Rodwell anaika chipeso pansi. "Mayi, mukunena za ife. Makolo anga anachoka kummwera ndi mikondo, n'kukwatira Achewa ndi Antumba. Ine ndimavina ngoma, koma mawu a nyimbozo sindiwamva."

"Ndiye mwanayo walakwa chiyani chimene iwe sunalakwe?"

Madzulo ake Rodwell anapeza Chiku akulemba za kusukulu, n'kukhala naye pafupi. Anamupepesa, ndipo mwanayo analira nthawi yaitali. Chiku ananena kuti mawu oti awauze agogo ake anali nawo, koma ankaopa kuwalakwitsa.

Mayi Doyle anamwalira mu February chaka chatha. Anaikidwa ku Skerries, mphepo ya kunyanja ikuwomba mpaka wansembe osamveka. Ana awo anapempha Rodwell kuti anyamule nawo bokosi, ndipo anagwira kumbuyo, mbali ya kumanzere. Rodwell akugwirabe ntchito panyumba yosamalira okalamba yomweyo. M'chipinda chimene munali Mayi Doyle tsopano muli bambo wina wa m'dera la Mayo amene sakonda kucheza.