Malita Awiri a Petulo ku Likoma

Ndinanyamuka ku Mzuzu Lolemba m'mawa, mwezi wa Juni, chaka cha 2006, chifunga chitakuta tauni yonse moti kondakitala wa minibasi ankatolera ndalama pongopapasa. Ine anandilipiritsa kawiri, mnzanga wapambali sanamupeze n'komwe. M'chikwama ndinali ndi malaya awiri, sikuludiraiva ndi zimbale zitatu. Zimbalezo sizinali za nyimbo. Munali mapulogalamu a kompyuta amene eni ake anati aliyense atenge, akopere, asinthe, agawire mnzake, palibe wapolisi adzamufunse.

Kabungwe kamene ndinkagwirako ntchito kanandituma ku sukulu ina yaing'ono ya sekondale pachilumba cha Likoma. Sukuluyo inalandira makompyuta asanu ndi imodzi ogwiritsidwapo kale ntchito kuchokera kunja. Operekawo asanatumize anapukutamo zonse, poti mapulogalamu awo ndi ogula ndipo sapatsana. Kugula ena kukanadya ndalama yokwana kufolera sukulu yonse. Choncho makompyutawo anakhala zaka ziwiri ali mbee, ngati nyumba zopanda anthu. Ntchito yanga inali yolowetsamo anthu.

Minibasi ya ku Nkhata Bay inali K200. Tinatsika mapiri aja mabuleki akununkha, dalaivala akutitsimikizira kuti fungolo ndi la galimoto yakutsogolo. Kutsogolo kunalibe galimoto. Pa Mpamba ndinagula nthochi, ndipo pofika padoko zinali zitasanduka phala m'thumba.

Sitima inayenera kunyamuka madzulo. Inanyamuka itafuna yokha. Tikiti ya pansi, kumene kumakhala anthu, matumba a chimanga ndi nkhuku, ndinagula K600. Ndinakhala pa thumba la mchere pafupi ndi mayi wina wa ku Khuyu amene anali ndi beseni la tomato. Atandiona ndikukumbatira chikwama anandifunsa chimene ndanyamula. Ndinafotokoza.

"Zaulere?" anatero. "Ndiye mwakwera nazo sitima bwanji? Chaulere chimabwera chokha ngati chimfine."

Kenaka anasuzumira kumwamba. "Komatu mwabwera pamdima, bambo."

Ndinayankha kuti inde, kwadadi. Anandiyang'ana ngati mwana wodwala, n'kundipatsa tomato mmodzi.

Tinaima pa Chizumulu, n'kufika ku Likoma kutacha. Sitima siifika kumtunda. Amakutsitsirani m'boti, boti n'kukutayani pamene madzi akulekeza m'chiuno, zotsalazo ndi zanu. Ndinasenza chikwama pamutu n'kuyenda ngati wobatizidwa amene m'busa wamuiwala m'madzi. Nsapato yanga yakumanzere ili konko mpaka lero. Ndikulumbira, pobwerera ndinaiona, mwalowa nkhanu ndi banja lake.

Pamchenga pa Chipyela panaima mkulu wina wamtali, wa imvi, atavala tayi ndi jekete yotuwa.

"Ndinu a makompyuta? Ine ndine Barnaba, mphunzitsi wa phunzirolo. Takulandirani. Muli ndi nsapato imodzi."

"Inayo ikubwera pambuyo."

"Zimatero. Tiyeni."

Tinamwa tiyi ndi chinangwa chophika pamsika, n'kuyamba kuyenda cha ku Yofu. Kumeneko galimoto ndi miyendo. Njira yake ndi ya miyala, ndipo milambe ili ponseponse, yonenepa ngati ndiyo imadya chakudya chonse cha pachilumba. Mawaya a magetsi anatiperekeza pang'ono, kenaka anatopa, n'kuthera pa mtengo wina. Sukulu inali patsogolo ndithu.

M'njiramo a Barnaba anandiuza mbiri yawo. Ali mnyamata anatsatira bambo awo ku Bulawayo, kumene anagwira ntchito yotayipa makalata mu ofesi ya fakitale. Atabwerera kwawo n'kuyamba uphunzitsi, ndiwo okha pachilumbapo ankadziwa pamene pali chilembo chilichonse osayang'ana. Makompyuta atafika, phunziro linagwera iwo. Kumapeto kwa teremu imeneyo ankapuma ntchito.

"Ana a Folomu 4 ndinawalonjeza," anatero. "Ndinati ndisanachoke aliyense adzaona dzina lake pagalasi la kompyuta. Ndinalonjeza m'tchalitchi, pa zolengeza. Ndiye mukuona."

Masana ndinaonerera kalasi yawo. Zimene ndinene apa musandiwonjezere, ndipo inenso sindiwonjezera. Mwana ankakhala pa kompyuta yozima n'kumadina mabatani. A Barnaba ankaima kumbuyo kwake choko chili m'manja, kuyang'ana zala, n'kumathamangira kubolodi kukalemba chimene chikanaoneka. Mwana akaphonya, iwonso ankalemba chophonyekacho. Akadina batani lofufutira, ankafufuta ndi chigongono cha jekete. N'chifukwa chake inali yotuwa.

"Galasi ndine," anandiuza. "Zaka ziwiri tsopano. Sindinazimepo."

Ndinatsegula makompyutawo. M'mawiri munali mphemvu zimene zinali zitasankha kale mafumu. Ina inalowa madzi tsiku lotsika m'sitima. Atatu ankaoneka amoyo. Ndinati tiyatse, ndipo apa m'pamene ndinamva tanthauzo la mawu a mayi wa tomato uja.

Jenereta yapafupi inali imodzi yokha, ya a Yohana, msodzi amene ankaonetsanso mafilimu kunyumba kwake. Petulo amabwera pa sitima, wowerengeka. Ndipo usipa amaugwira ndi nyali, mwezi ukakhala kuti palibe. Mwezi ukawala nsomba sizilabadira nyali, maboti amapuma, petulo amatsala, mafilimu amayamba. Koma pamdima dontho lililonse limapita mu injini ya boti. Ku ofesi kwathu anasankha sabata ya ulendo wanga poyang'ana kalendala ya pakhoma. Kalendalayo inali ndi chithunzi chokongola cha nyanja, koma mwezi munalibe.

Lachitatu tinapita kwa a Yohana. Tinawapeza akusoka ukonde, ndipo sanadzutse mutu.

"Aphunzitsi, ulendo woyamba uja ndinapereka petulo. Kwaya inaimba. Abusa anapemphera. Chinthu chanu chinalemba mzere umodzi wa Chingerezi wonena kuti mulibe kanthu. Mzere umodzi, malita atatu."

"Pano abwera ndi zoikamo, a Yohana. Zaulere."

"Zaulere zimene zimamwa petulo wanga?"

Ndinayesa kufotokoza kuti mapulogalamuwa analembedwa ndi anthu a m'maiko ambiri mothandizana, osafuna malipiro.

"Anthu abwino," anatero a Yohana. "Auzeni atumizenso petulo. Dikirani mwezi uwale, ndidzakupatsani."

Mwezi unkawala patatha sabata ziwiri. Sitima yanga inkabwera Loweruka, ndipo ndalama ya ofesi inkathera pomwepo. Mwana wa a Yohana, Agnesi, wa Folomu 4, ankayanika usipa pathandala chapafupi. Usipawo ankauponya mwamphamvu kuposa mmene usipa umafunira.

Lachinayi ndinalibe chochita. Ndinakaona tchalitchi chachikulu chija cha ku Chipyela, chimene mutalowetsamo anthu onse a pachilumba pangatsalebe malo a mbuzi zawo. Ndinadya kondowole, nsima ya chinangwa, ndi usipa kwa a Barnaba, ndipo kondowoleyo anandigwira m'mimba mpaka mwezi wa Ogasiti. Ana ankandilonjera mwaulemu m'njira, koma kumbuyo ndinkamva akuti, "Ndi amene aja abwera ndi kompyuta ya m'thumba." A Barnaba anaphunzitsa monga mwa masiku onse, kuthamanga pakati pa zala ndi bolodi. Ndinaona kuti akamafika kubolodi ankayamba agwira khoma.

Madzulo a tsikulo mwera unayamba. Nyanja inachita thovu, mchenga unkalowa m'mano, ndipo palibe boti limene linalowa m'madzi. Lachisanu m'mawa tinangoona a Yohana akubwera ndi wilibala, jenereta ili momwemo, Agnesi ali pambuyo ndi botolo la malita awiri.

"Petulo uyu ndi amene ndikanawotcha usiku wathawu," anatero a Yohana. "Mphepo yakupemphererani. Komanso kunyumba kwanga sikukudyeka, mwanayu akuphika ngati akulanga akaidi. Akatha ameneyu, watha."

Jeneretayo inali yakale kuposa ine, ndipo inkatha kukoka kompyuta imodzi basi. Tikayatsa awiri inkalira ngati mbuzi yomangidwa. Ndinalowetsa chimbale. Pagalasi panabwera kamzere koyenda pang'onopang'ono, ndipo sukulu yonse, ndi makolo amene mphepo inawatsekera kumtunda, anadzaza mawindo kuonerera kamzereko. A Yohana sankayang'ana galasi. Ankasuzumira m'thanki.

"Kafika pati?"

"Pakati."

"Petulonso ali pakati. Tione amene ayambe kufika."

Kamzere kanapambana. Kompyuta inazima, n'kudzukanso yokha, ndipo panaoneka chizindikiro cha mapulogalamuwo, kambalame konenepa, kakuda ndi koyera, katakhala pansi ngati kadya kale. Amayi ena pawindo analuluta. Mkulu wina anafunsa ngati kamadyedwa. A Barnaba anavula magalasi, kuwapukuta ndi tayi, n'kuwavalanso.

Ndinatsegula tsamba lolembapo n'kunena kuti, poti petulo watsala pang'ono, aliyense alembe dzina loyamba lokha.

"Ayi," anatero a Barnaba. "Kuno munthu sitimudula dzina. Pali la ubatizo, pali la bambo ake, pali la agogo ake amene ali kumanda kuseri kwa tchalitchi. Makolo ali pawindopa. Mukufuna aone mwana wopanda mwini?"

"Aphunzitsi, petulo," ndinatero.

"Alemba msanga. Ndinawaphunzitsa ine."

Ndipo analembadi msanga, osayang'ana zala. Koma mainawo, abale anga! Panali mwana wina dzina lake linafika kumapeto kwa mzere n'kukhotera pansi. Aliyense akamaliza ankaima kaye kuliyang'ana, kholo lili pawindo likuwerenga mokweza, kenaka wotsatira n'kukhala. Mtsikana wina ataphonya chilembo anadina chofufutira, n'kutembenuka kuyang'ana chigongono cha a Barnaba. Kalasi yonse inaseka, iwonso anaseka.

Jenereta inayamba kutsokomola kutatsala ana atatu. A Yohana anaipendeketsa kuti madontho otsala atsikire kumene akufunika, n'kuigwira choncho. Agnesi anali womaliza. Atafika pampando anaima.

"Aphunzitsi, yambani inu. Simunalembepo."

Pamenepo m'pamene ndinazindikira kuti ndi zoona. Munthu anaphunzitsa kompyuta zaka ziwiri, koma chala chake chinali chisanatulutsepo chilembo pagalasi.

"Khala pansi, Agnesi. Ndinalonjeza ana. Bambo ako atopa ndi kunyamula."

Agnesi analemba maina ake anayi. A Yohana anawawerenga ali chigwirire jenereta, khosi litapindika, ndipo anati, "Eya, ndi yemweyo." Kenaka a Barnaba anakonza tayi, nakhala pampando, nayala zala zonse khumi monga ankachitira ku Bulawayo. Anadina B.

Jenereta inalira mokweza kamodzi, inatulutsa utsi wabuluu, n'kukhala chete. Galasi linada. Kunja kunangotsala mwera.

Sikuti petulo yekha ndiye anatha. A Yohana atamasula, anapeza kachitsulo kena m'kati katasweka pawiri. Anakayang'ana nthawi yaitali, n'kundipatsa. "Mukakapeze kwanu kutsidyako. Kameneka si kaulere, ndikudziwa."

Loweruka mphepo inaleka, sitima inabwera itachedwa monga mwa mwambo wake. A Barnaba anandiperekeza mpaka ku Chipyela. Ndinawasiyira zimbale zonse zitatu, ndi kuwauza kuti akhoza kukopera aliyense wofuna. Anandithokoza mwaulemu, osandifunsa kuti akopera ndi chiyani. Ndikuvula nsapato yotsalayo kuti ndilowe m'madzi, anandigwira mkono.

"Munaiona B ija?"

"Ndinaiona, aphunzitsi."

"Yowongoka bwino. Kuposa imene ndimalemba pabolodi. Ana aja ndakhala ndikuwanamiza pang'ono."

Kachitsulo kaja ndinayenda nako m'masitolo onse a ku Mzuzu, ndinakatumiza ku Lilongwe, kanapita ku Blantyre n'kubwerako. Kulikonse ankati majenereta a mtundu umenewo analeka kupangidwa. Chaka chisanathe kabungwe kathu kanatsekedwa. A Barnaba anapuma ntchito teremu itatha, monga zinakonzedwera, ndipo ndinamva kuti mpaka tsiku lomaliza ankathamangabe ndi choko.

Mapulogalamu aulere ndimawakhulupirirabe, ndipo ndawaika m'masukulu ena angapo kumene mawaya anafika. Koma munthu akandiuza kuti akupita nawo kumudzi, ndimamufunsa kaye amene adzapereke petulo, ndiponso kuti mwezi uli pati. Ambiri amaganiza kuti ndikuseka. Ndimatsegula kabati n'kuwaonetsa kachitsulo kosweka pawiri, ndi nsapato imodzi yakumanja.