Ukaidi Wanga pa Kampando ka Apongozi

Anagogoda Loweruka m'mawa, m'mwezi wa Juni, ine ndikusita malaya ovala kutchalitchi. Nthawi imeneyo ndinkakhala ku Kabwata, m'kachipinda ka lendi komwe bedi ndi kiyibodi yanga yoimbira zinkalimbirana malo. Nditatsegula ndinapeza amalume. Iwo ndi amene tinawasankha kukhala ashibukombe, onyamula mawu pakati pa banja lathu ndi banja la mtsikana yemwe ndinkafuna kukwatira. Sanalowe, ndipo sanafunse n'komwe ngati ndadzuka bwino.

"Bakufuna ku Woodlands mawa masana," anatero. "Weka."

"Nalakwa chani, ba malume?"

"Uzamvela komweko."

M'nkhani ino sinditchula dzina la munthu. Onse amene anandisunga ali moyo, ndipo masiku ano ndimadya kwawo.

Mawu athu ofunsira mbeta anali atafika ku Woodlands kalekale. Amayi a mtsikanayo anavomera, azakhali ake anavomera, ngakhale agalu a pakhomopo anali atasiya kundiuwa ndikamuperekeza mpaka pageti. Otsala anali bambo ake, mkulu wopuma pantchito yemwe anaphunzira za mapaipi ndi madamu ku Ulaya ali mnyamata. Iwo anangouza amalume kuti, "Niyambe namuona." Popanda mawu awo panalibe ukwati, ndipo mtsikanayo anali atandiuza mosapsatira kuti iye sadzatuluka pakhomo pa bambo ake modumpha mpanda.

Amalume anandipatsa malamulo ali chiimire pakhomo. Mkamwini sayang'ana apongozi kumaso. Sakhala pa sofa. Sayamba kulankhula asanafunsidwe. Sadya kapena kumwa kanthu m'nyumba imeneyo mpaka atamumasula mwamwambo. Ndipo sanyamuka asanauzidwe kuti apite, koma akauzidwa sakana.

"Olo nyumba iyambe kupsa," anatero amalume, "iwe unkale."

Mawa lake ndinachokera kutchalitchi kwathu ku Libala, suti ili m'thupi. Mapemphero a tsiku limenelo anali otentha, moti potuluka ndinagugudiza madzi ambiri ndithu. Amayi a mtsikana uja ndi amene ananditsegulira geti. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunditsogolera kuchipinda chakumbuyo kwa nyumba. Mawindo ake anali ndi zitsulo, monga zilili nyumba zonse za kumeneko, koma tsiku limenelo zitsulozo ndinaziona bwinobwino. Munali mpando umodzi waukulu, masipika awiri otalika kufika m'chiuno mwanga, mashelefu odzaza ndi mbale zakuda za galamafoni, ndi kampando kamatabwa kafupi kwambiri. Sindinafunse kuti kampandoko n'ka ndani. Chitseko chinatsekedwa.

Bambowo ndinawaona nsapato zokha, zofiirira, zopukutidwa bwino.

"Nimvela ati ndimwe oimba," anatero.

"Niyesako chabe, atate."

Kumeneko kunali kudzichepetsa kwa pakamwa. Mumtima ndinkadziwa kuti ku Libala konse kunalibe wondiposa. Ndinali ndi makodi anga atatu okha omwe zala zinkadziwa kugwira pa kiyibodi, ndi batani limodzi loyimbitsa ng'oma, ndipo ndi zimenezo ndinkagwetsa azimayi pansi Lamulungu lililonse.

"Chabwino. Tizakamba nyimbo iyi ikasila."

Mtima unakhala pansi. Nyimbo imatha msanga, munthu ukhoza kuipirira ngakhale itakhala ya maliro. Pamene ankatulutsa mbale m'chikuto chake, ndinaba diso n'kuona chithunzi: nkhono yaikulu itabereka nyumba yosanja kumsana, kumwamba kuli mwezi wobiriwira. Ndinadziphimba ndi mwazi wa Yesu chamumtima.

Singano itatera, panamveka mphepo. Kenako kabelu. Kenako limba linagwira liwu limodzi n'kukhala nalo, osalisiya. Ndinadikira woimba, woimba osabwera. Mwadzidzidzi magitala ndi ng'oma zinagwa zonse pamodzi ngati miphika yagwa pa shelefu. Phazi langa linayesa kuponda motsatira, poti ndi chizolowezi, koma kutchalitchi chilichonse chimayenda zinayizinayi, ndipo apa ndikaponda ndinkapeza kuti ng'oma yadutsa kale kapena sinafike. Patapita nthawi kunabwera mzungu wa mawu oonda, anaimba Chingerezi chomwe sindinatolepo kanthu ngakhale kusukulu ndinakhoza, n'kuchokanso osatsanzika. Mwendo wanga wamanzere unachita dzanzi. Amayi analowa ndi tiyi ndi masikono otentha, za munthu mmodzi.

Kenako kunangoti zii.

Ine ndinaleredwa bwino. Ndinatsika pakampando, kugwada, kuwomba m'manja mwaulemu, n'kunena kuti, "Zikomo kwambili, atate." Ndisanamalize, ng'oma zinaphulika m'masipika onse awiri, ndipo ndinapezeka ndakhala pansi ndi matako. Bambowo sanakalipe. Anaimirira pang'onopang'ono, kunyamula singano, n'kuibwezera koyambirira kwenikweni, kumphepo kuja.

"Siinasile," anatero.

Za madzi amene ndinamwa kutchalitchi sindinena zambiri. Mkamwini safunsa apongozi njira ya kuchimbudzi. Ndingonena kuti mbale ya galamafoni imakhala ndi mbali ziwiri, ndipo tsiku limenelo tinamvera zonse.

Pomaliza anandifunsa funso limodzi. "Mwamvela chani?"

"Ni yabwino maningi, atate."

Nsapato zija sizinasunthe kwa kanthawi. "Mubwele futi pa Sondo."

Umu ndi mmene unayambira ukaidi wanga. Nyengo yozizira yonse inandithera pakampando kaja. Lamulungu lililonse mbale ina, funso lomwelo, chigamulo chomwecho. Ndinayesa kunena kuti ng'oma zili ndi mphamvu. Ndinayesa kunena kuti oimbawo ndi ophunzira. Tsiku lina ndinati nyimboyo yandikumbutsa ulendo wa ana a Israeli m'chipululu, zomwe sizinali bodza kwenikweni. Yankho linali lakuti ndibwerenso. Nditadandaula kwa amalume, anati ena amalimitsidwa munda wa apongozi, ine ndikungokhala pansi, ndithokoze.

Mtsikana wanga ndinkamuona pageti pokha, potuluka. Iye ndi amene anandiuza kuti nyimbozi azungu amazitcha progressive rock, kuti zinkaimbidwa ndi anyamata a tsitsi lofika m'mapewa iye asanabadwe, ndiponso kuti bambo ake anabwera nazo mbalezo m'sutikesi, zovala n'kuzisiya ku Ulaya komweko. Pondimvera chisoni anandinong'oneza yankho. Lamulungu lotsatira ndinalipereka molimba mtima: "Besi ndiye yagwila nyimbo yonse, atate."

"Ayo ni mau ya mwana wanga," anatero bambowo. "Ananiuza so ali ku pulaimale. Mubwele futi pa Sondo."

Tsiku limenelo ndinapsa mtima. Pageti ndinamuuza mtsikanayo kuti ine ndikufuna kukwatira munthu, osati galamafoni, ndipo kuti bambo ake akungondizunza chifukwa ndine wa ku Kabwata. Iye sanalire. Anati, "Ngati walema, osabwela. Koma ukaleka kubwela, ninshi wanisiya." Anatseka geti yekha. Ndinayenda wapansi mpaka kunyumba ndikutukwana nkhono ija ndi mwezi wake wobiriwira, koma Lamulungu ndinasitanso malaya.

Sindingathe kunena kuti zinayamba liti. Ndikukumbuka kuti m'mawa wina, ndili m'minibasi kupita kuntchito m'tauni, ndinapeza zala zanga zikugogoda pabondo, ndipo sizinkawerenga zinayi. Zinkafika pa zisanu ndi ziwiri n'kuyambiranso, osaphonya. Dzenje lija lomwe phazi langa linkagweramo silinali dzenje, anthu aja ankachita dala. Kuyambira pamenepo khutu linayamba kugwira zinthu. Ndinazindikira kuti kanyimbo kamene limba limayamba nako sikatayika: gitala amakatola n'kukathamangitsa, besi amakabisa pansi, ndipo pamene waiwala zoti kanaliko, kamabweranso onse atakanyamula pamodzi. Nthawi yoyamba kukamva kakubwerera, tsitsi linandiyima. Ndinachita manyazi ndi makodi anga atatu. Kutchalitchi ndinayesa kutalikitsa poyambira pa korasi ina, kwaya ili chiimire kudikira, mpaka abusa anandiitanira pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli mtendere.

Komabe pakampando ndinkayankha zomwezija. Ndinkaopa kuti ndikanena zoona ndilakwitsa, ndipo ukwati uthera pomwepo.

Linali Lamulungu lina mu Ogasiti, kunja kukuwomba chimphepo cha fumbi, pamene anabwezanso mbale ya nkhono ija. Tinadutsa pamphepo, pamiphika, ndi pamalo a zii paja, pomwe tsopano ndinangokhala duu. Limba linayamba kutsika pang'onopang'ono. Ine ndinkadziwa chimene chikubwera, ndipo ndinali nditagwira mpweya. Pomwepo magetsi anazima. Nyimbo inalira ngati ng'ombe yotopa n'kuima.

"Malaiti yayenda," anatero bambowo. "Mungayende."

Amayi anali atatsegula kale chitseko. Kanali koyamba kumasulidwa dzuwa likadali m'mwamba, miyendo yonse iwiri ili ndi moyo. Koma sindinanyamuke. Zinandiwawa kwambiri, ndipo pakamwa panatseguka pokha.

"Koma atate, yaimila pakati. Apa ndiye chitolilo chinali pafupi kungena."

Nditamaliza kulankhula ndi pamene ndinazindikira kuti ndalankhula osafunsidwa, ndakana kupita, ndipo ndikuwayang'ana kumaso. Malamulo atatu a amalume nthawi imodzi. Nkhope yawo ndinali ndisanaionepo pafupi. Inali yaing'ono kuposa mmene nsapato zinkanenera, ndipo anali atapendeketsa mutu, khutu lakumanja lili kwa ine.

"Chitolilo?" anafunsa. "Chikalimo?"

"Chilimo, atate. Limba ikatsika, chingena pamwamba, cheka."

"Imbani."

Ndinayamba ndi mluzu. Anapukusa mutu n'kundikodola kuti ndisendere. Ndinakoka kampando mpaka pafupi ndi mpando wawo, n'kuimba kanyimbo ka chitoliroko ndi mawu apansi, a pachifuwa, pakhutu pawo. Anatsinzina. Chala chawo chinayamba kuyenda m'mwamba, ndipo chinkafika pamalo ine ndisanafike.

"Iyi khutu inafa kudala," anatero kenako, akuloza lakumanzere. "Iyi inangu imvela chabe ng'oma na besi. Chitolilo sininachimvele zaka zambili. Nikafunsa munthu ati mwamvela chani, aliyense akamba ati ni yabwino. Nenze naganiza kuti mbale inasila."

Ndinamva chisoni chachikulu, ndipo mkwiyo wonse womwe ndinausunga kuyambira mu Juni unasowa pogwira. Ine ndinkayesa funso lija ndi msampha, n'kumalizemba Lamulungu lililonse, pamene munthu ankangofuna kudziwa ngati chitoliro chake chikadalipo. Amayi anadzandiuza pambuyo pake kuti ndisawayeretse kwambiri amuna awo, msampha unalimonso.

Bambowo anapukuta m'maso ndi chala chachikulu n'kutembenukira kuchitseko, komwe amayi anali ataima.

"Muuze ba shibukombe babwele, tikambe za tsiku," anatero. "Na apongozi aba mubalangize ku toileti. Bavutika maningi kuchokela mu Juni."

Anali akudziwa nthawi yonseyi.

Tinakwatirana mvula isanagwe. Anandimasula mwamwambo, azimayi atabwera ndi mbale za zakudya pamutu, ndipo kuyambira pamenepo ndimadya m'nyumba imeneyo, ndimakhala pa sofa, ndipo njira ya kuchimbudzi ndimaidziwa ngakhale magetsi atazima. Palibe amene amandiitana. Geti ndimatsegula ndekha. Anthu amene anamangidwapo amati ukatuluka sufuna kuonanso khomo la ndende, koma ine ufulu wanga ndimaugwiritsa ntchito motere: Lamulungu lililonse ndikatuluka kutchalitchi ndimapita ku Woodlands, n'kulowa m'chipinda cha zitsulo chija, n'kudzitsekera. Mkazi wanga amati anathawa phokoso kwa bambo ake n'kukalipeza kwa mwamuna wake.

Khutu lakumanja lija nalonso likupita. Masiku ano apongozi amaika dzanja pasipika kuti amve besi m'mafupa. Ine ndimakhala pambali pawo, ndipo limba likatsika, chitoliro chikalowa, ndimawagwira bondo. Amalume atamva zoti ndimagwira apongozi bondo anati dziko latha. Apongoziwo amangotsinzina, chala n'kukwera m'mwamba.

Mbale zonse anati zidzakhala zanga. Mwana wathu woyamba ndi wamkazi, ndipo chaka chino wayamba sukulu. Kampando kaja ndinakapempha kale, kali kunyumba pamwamba pa wadiropu.