Mizere ya a Waya

Kuofesi amamutcha Tsache. Dzinali analipata sabata yoyamba kulowa ntchito, atasanja makapu a m'khitchini motsata kutalika n'kumata kapepala kosonyeza pokhala masupuni. Ndi mayi wa ana awiri, mwamuna wake amaphunzitsa masamu, ndipo iye wakhala zaka zisanu ndi chimodzi akulemba mapulogalamu pa kampani yaing'ono yopanga masikelo a m'mabutchala, aja amayeza nyama n'kusindikiza kapepala komata papaketi.

M'sikelo iliyonse muli kakompyuta, ndipo pamtima pake pali pulogalamu yaikulu yomwe amati kenelo. Kenelo payokha siitha kulankhula ndi pulinta, mabatani kapena chitsulo choyezera. Imadalira timapulogalamu totchedwa madalaivala. Madalaivala onse a pakampanipo anawalemba munthu mmodzi, bambo wachikulire amene anzake ankamutcha a Waya, pa zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi. Anali katswiri, koma dongosolo analibe nalo ntchito. Mafayilo oposa mazana awiri anawaunjika mufoda imodzi ngati zovala za batchala, maina ake "pulinta_yatsopano", "pulinta_yatsopano2", "pulinta_yeniyeni".

A Waya atadwala sitiroko n'kusiya ntchito, bwana anapatsa Tsache fodayo, ndipo anailandira ndi manja awiri. Kwa miyezi itatu anagawa zonse, za mapulinta pazokha, za mabatani pazokha, zoyezera pazokha. Pali njira yosamutsira fayilo yomwe imasunga mbiri yake, kuti mzere uliwonse uzionetsabe amene anaulemba. Njirayo ankaidziwa bwino. Koma inali yochedwetsa, choncho anangokopera zonse m'mafayilo atsopano, n'kuwongola mizere, n'kufufuta akalewo. Anachotsanso zomwe anaziona ngati zinyalala, kuphatikizapo kamzere kena koimitsa pulinta kwa kamphindi, komwe pambali pake a Waya anangolemba kuti, "Dikira apa. Usafunse."

Atamaliza, mzere uliwonse unali ndi dzina la iyeyo, osati la a Waya. Ataona zimenezo anadziuza kuti akonza Lolemba. Lolembalo kunabwera alendo ofuna kugula masikelo, ndipo bwana anamuimiritsa pamaso pawo nanena kuti uyu ndi amene analemba madalaivala athu onse. Anthu anawomba m'manja. Tsache anamwetulira n'kuthokoza. Mawu ochepa chabe akanawongola nkhaniyo, koma anawameza limodzi ndi tiyi.

Patatha miyezi iwiri, eni mabutchala anayamba kudandaula kuti masikelo okhala pafupi ndi chipinda chozizira akutulutsa timapepala topanda kanthu m'mawa. Onse kuofesi anatembenukira kwa Tsache, popeza dzina linali lake. Anafufuza masiku anayi osapeza mutu wake. Tsiku lachisanu ananyamula laputopu kupita kwa a Waya, komwe anali asanapondeko chidwalire chawo.

Anawapeza pakhonde, dzanja lamanja lili pamiyendo ngati la munthu wina. Akazi awo anamupatsa mpando n'kulowa m'nyumba. Tsache atafotokoza vutolo, a Waya anakoka laputopuyo ndi dzanja lamanzere, nayamba kutsitsa mizere pang'onopang'ono. Pambali pa mzere uliwonse panali dzina la Tsache, kuyambira pamwamba mpaka pansi. Iye anangoti maso pa nyerere yomwe inkayenda m'mphepete mwa tebulo.

"Panali kudikira apa," anatero a Waya, mawu akutulukira mbali imodzi ya pakamwa. "Mutu wa pulinta ukazizira umafuna utenthe kaye. Munachotsa, mwanangu?"

"Ndinachotsa, bambo. Ndinkaona ngati n'kosafunika."

"Nanenso ndinalakwa. Sindinalembe chifukwa chake."

Kenako a Waya anayamikira kuti fodayo tsopano ikuoneka ngati mashelufu a kufamase, anafunsa za ana, anafunsa ngati ketulo ya kuofesi ija idakadontha. Za dzina sanatchule n'komwe.

Anatchula ndi akazi awo, pomuperekeza kugeti. Anati kampani inawasiyira bambowo mwayi woona mapulogalamuwo ali kunyumba, ndipo chidwalire ankakonda kuwatsegula masana, kumangowerenga ntchito ya manja awo. Mwezi wathawo kunabwera mwana wawo wamkazi ndi mwamuna wake, ndipo a Waya anaitanitsa kompyuta kuti aonetse mkamwiniyo zomwe anathera moyo wawo akuchita. Anafufuza dzina lawo paliponse osalipeza. Mkamwini anayang'ana mkazi wake, nanena mwaulemu kuti mwina bambo aiwala potsegula, paja matendawa amatero.

"Tsiku limenelo sanadye," anatero mayiwo. "Sikuti ndikukudzudzulani ayi. Ine zamakompyutazi sindizidziwa. Ndangoti mudziwe."

Tsache anatsanzika n'kutuluka pageti. Anayenda wapansi mpaka kuofesi, kudutsa masiteji atatu a basi osaima.

Kukonza pulinta kunamutengera mphindi khumi. Kubwezeretsa mbiri kunamutengera masabata atatu, fayilo imodziimodzi, kutsata njira yomwe anaizemba ija, nthawi ya nkhomaliro anzake atatuluka. Pakamzere kodikira anasiya mawu a a Waya momwe analili, n'kuwonjezera pansi pake chifukwa chomwe anamuuza. Atatha anapita kwa bwana kukaulula kuti pa mizere yonse ija, yake yeniyeni siinkakwana makumi asanu, ndipo kuti tsiku la alendo lija analandira ulemu wa mwini. Bwana sanadzutse n'komwe mutu. Anati bola masikelo akuyenda, dzina silisindikiza pepala. Tsache akanakonda akanamukalipira. Analembanso kalata kwa anzake onse a muofesi, ndipo anayankha ndi awiri okha, ndi kachithunzi ka chala chachikulu.

Patapita masiku, uthenga unabwera kuchokera pafoni ya akazi a a Waya. Unati bambo aona. Unatinso dalaivala wa mabatani anamuika mufoda yolakwika chifukwa amagawana waya ndi sikirini, ndipo abwere Loweruka lililonse lomwe angapeze mpata, amulongosolere zina zomwe sanazilembe paliponse.

Dalaivalayo anamusamutsa tsiku lomwelo. Koma Loweruka ladutsa katatu. Mwamuna wake amamufunsa akamatsuka mbale kuti kodi mawa apita, iye n'kuyankha kuti akufuna kaye alembe mafunso onse bwinobwino. Mafunsowo afika makumi atatu ndi awiri, m'kabuku komwe amayenda nako m'chikwama.