Funso la Mafononi, Magetsi Atazima

Magetsi anazima nditangofika pa chithunzi chachitatu mwa zimene ndinkaonetsa pakhoma pofotokoza kafukufuku wanga. Kutsogolo kwanga kunali aphunzitsi atatu ondiyesa, kumbuyo kuli bambo anga atavala jekete ya kutchalitchi. Anabwera kuyunivesite kuchokera kwathu ku Makokoba ngakhale ndinawauza kuti sadzatolapo kanthu.

Kafukufuku wanga anali wa mafononi. M'chinthu cholimba ngati chitsulo, maatomu sakhala phee. Amanjenjemera, ndipo kunjenjemerako kumayenda ngati mafunde, koma m'timagawo towerengeka. Kagawo kamodzi ndiye fononi. Zithunzi zanga zinkaonetsa mafunde awiri akukumana, pena kukwezana, pena kuzimitsana. Tsopano khoma linangoti mbee.

"Tengani choko," anatero mkulu wa oyesawo, mayi waimvi wosamwetulira. "Fononi yanuyo mungaichotse m'chitsulo n'kuiika m'botolo?"

"Ayi."

"Ndiye tinene kuti ilipo?"

Choko chinathyoka m'manja mwanga, chidutswa n'kugubudukira pansi pa tebulo lawo. Palibe anachitola. Bambo anakhosomola, nati chapansipansi m'chinenero chakwathu, "Khuluma, lankhula mwana wanga." Mphunzitsi wina anacheuka n'kuwayang'anitsitsa, ine n'kuopa kuti awatulutsa.

Ndinajambula mzere wa maatomu pabolodi. Ndinati fononi si kanthu koima pakokha, ndi gulu lonse likugwedezeka pamodzi. Kunja kwa chitsulo kulibe fononi, koma m'katimo imanyamula mphamvu, ndiponso imawombana ndi maelekitironi, tizinthu tonyamula magetsi.

"Chabwino. Mafunde awiri akazimitsana, mphamvu yawo imapita kuti?"

"Imatha," ndinatero mothamanga.

Mayiwo anaika cholembera pansi. Ndinayang'ana zimene ndinajambula, n'kuona pamene ndaphonya.

"Pepani, ndalakwitsa. Siitha. Imasamukira pamene mafundewo akwezana."

"Tionetseni."

Ndinalemba masamuwo mpaka bolodi linadzaza, ndikufufuta ndi chikhatho. Kenako anatiuza kuti tidikire panja.

M'khondemo bambo anandifunsa, "Mayi uja unamulakwira chiyani?"

"Ndi ntchito yawo, baba."

Sanakhulupirire. Anaima pafupi ndi chitseko manja ali kumbuyo, mpaka chinatseguka. Mayiwo anati ndakhoza, koma chaputala chachitatu cha kafukufukuyo ndichilembenso. Atabwerera m'kati, ndinangokhala pansi pa simenti pomwepo ndi diresi langa latsopano.