Khadi ya Sikelo M'kompyuta Yathu

Chaka chimene anthu othawa nkhondo anayamba kubwerera kwawo ku Mozambiki, ine ndinali kalaliki pa kaofesi kena pa boma ku Mangochi. Ntchito yanga inali kusaka mayina a ana otayana ndi makolo awo. Mayinawo ankabwera pa madisiki kuchokera m'misasa ina, ine n'kumawalowetsa pa kakamwa ka kompyuta. Kompyutayo inali imodzi yokha, yakale, yotopa ngati ine ndemwe.

Lolemba lina ndinaiyatsa. Kanyali kanayaka, fani n'kumazungulira bwinobwino, kenaka pa kakamwa paja panamveka kwe! kwe! basi, zii. Pa galasi panangotuluka kamzere ka Chingerezi kodandaula za disiki. Disiki yake iti? Ndinasuzumira, sindinaone kanthu. Ndinazimitsa, kuyatsanso, chimodzimodzi.

Panja pa benchi panali mayi ena a ku msasa wa kufupi ndi Namwera. Mwana wawo wamkazi anasowa tsiku lothawa, ali ndi zaka zisanu. Lole yowabweza kwawo inali yonyamuka Lachisanu, ndipo ankafuna kudziwa ngati mwanayo ali pa mayina atsopano amene anali atangofika, kuti akwere kapena atsale.

"Achimwene, yanena chiyani?" anandifunsa.

"Yadwala, mayi. Dikirani."

Masiku awiri ndinalimbana nayo. Ndinazula zingwe zonse n'kuzibwezera. Ndinabwereka pampu ya njinga kwa alonda athu n'kupopera fumbi mpaka kuyetsemula. Thukuta la Mangochi likuchita kamukamu kumsana, ndinatukwana magetsi, ndinatukwana amene anatipatsa chinthu chotha ntchitochi. Katswiri wake anali ku Blantyre, ndipo pa foni anangoti abwera sabata yamawa. Ha! Sabata yamawa, lole itapita kale? Ndinatopa, abale, kutopa kwenikweni.

Lachitatu ndinati zivute zitani, ndinamasula chibokosi cha kompyutayo ndi mpeni wapatebulo. M'kati mwa kakamwa muja, kumapeto kwenikweni, munali pepala lopindapinda. Ndinalikoka ndi kawaya, n'kung'ambika pakati. Inali khadi ya sikelo yolembedwa m'Chipwitikizi, yakuda ndi manja, pamwamba pake pali dzina la mwana uja.

Ndinatuluka nditapsa mtima. "Ndani wachita zopusazi?"

Mayi aja anaimirira. "Ndine, achimwene. Ndinalowa Lolemba m'mawa alonda akusesa. Ndimakuonani mukulowetsa zinthu pamenepo, iyo n'kumatchula mayina. Ndinati mwina dzina lokha silikuikwanira, ione khadi yake."

Ndinawakalipira pamaso pa anthu onse a pabenchi. Ndinati masiku atatu apita pachabe, ndinati ofesi si kwa sing'anga kumene munthu amasiya nsalu ya wosowa. Iwo anangozolika. Mpaka lero ndikakumbukira mawu angawo ndimachita manyazi.

Nditabwezera chivundikiro, kompyuta inadzuka ngati sinadwalepo. Ndinalowetsa disiki yatsopano ija. Ndinasaka dzina la mwana, dzina la bambo ake, dzina la mudzi wawo. Ndinabwereza katatu, pang'onopang'ono, chala chili pa galasi. Munalibe.

Ndinatuluka n'kuwauza, kenaka ndinawapatsa khadi ija ili zidutswa ziwiri. Ndi chokhacho cha mwanayo chimene anawoloka nacho malire, chomangidwa pa mfundo ya chitenje zaka zonsezo. Anazilumikiza pabondo, kuziwongola ndi chikhato, kenaka anandipatsanso ndi manja awiri.

"Pepani achimwene, ndakuvutitsani. Koma ibwezereni momwemo. Mwina mwaichotsa isanamalize kuwerenga."

Ndinangoilandira n'kuiika m'dilowa.

Lachisanu lole inanyamuka, anthu akuimba. Lolemba m'mawa, pobwera kudzatsegula ofesi, ndinawapeza mayi aja atakhala pa benchi pomwe paja.