Manja Onjenjemera pa Tsiku la Mgonero

Ndinayamba kudandaula kwa inu m'kalata, akulu a mpingo, tsiku Lamulungu, Domingu yoyamba ya Junyu, tikukumba batata. Kalata yachiwiri ndinapereka mu Setembru. Makope onse ndili nawo. Yankho ndilibe.

Zochoka kwathu kuno ku Ntengo-Wambalame ndinaganiza ndekha, chaka chimene chiwawu chinapsereza munda wanga. Mkazi wanga, mayi a Rozita, anati, "Bambo, ku Joni n'kwa anyamata. Inu imvi mbuu mukasakako chiyani?" Sindinawamvere. Ndinakagwira ntchito yosamala maluwa pakhomo pa dotolo wina, ndikugona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Ndalama ndinkatumiza, koma pa telefoni ndinkanama kuti mtima uli m'malo. Pa Domingu ndinkaimba nyimbo za kwathu ndekha, nditayang'ana khoma.

Kumeneko matumbo anga anapotana n'kufa. Bwana uja anathamanga uku ndi uku mpaka madotolo anzake anandiika matumbo a munthu wina. Anandiuza mosabisa kuti mankhwala oletsa thupi kukana matumbowo ndidzamwa moyo wanga wonse, ndipo amafooketsa chitetezo, amawononga impso, amanjenjemeretsa manja. "Madala," anatero, "osamwera chikho chimodzi ndi anthu. Osasamba m'manja m'beseni la gulu."

Nditabwerera munandibwezera ntchito yanga yonyamula chikho cha Mgonero. Ndinachita manyazi kukana. Tsiku loyamba lomwelo manja anayamba zawo, vinyo n'kutayikira pa chitenje cha mayi wina. Itafika nthawi yoti ndimwe, chikho ndinangochidutsitsa. Kumbuyoko mlamu wanga, a Jeremiyasi, ananong'ona mokweza: "Dzulo anakhuta kachasu, lero vinyo akuwanyansa!" Anthu anaseka. Posakhalitsa munandiika pa chilango cha uchidakwa.

Ndinabweretsa mapepala a chipatala ndi mabokosi a mankhwala. Mlembi wanu anawatembenuzatembenuza n'kuti, "Achimwene, Chingelezi ichi awerenge ndani? Ife tinaona manja."

Pamaliro ndimakhala pambali ndi mbale yanga, madzi anga ali m'botolo. Akuti ndinakaphunzira kunyada. Sindinkadziwa kuti kwathu kuno ubale timaupimira pa mbale ndi pa chikho, kuti wosapisa nawo dzanja ndi mlendo ngakhale mchombo wake unakwiriridwa pomwepa. Ndikanamvera mayi a Rozita, mwina matumbo aja akanandipha chaka chomwecho, koma ndikanafa ndili wanu.

Tsopano miyendo yatupa, ndipo analize ya magazi amene anandipima ku Tete ikuti impso zatopa. Lamulo lanu ndimalidziwa, ndinalisunga nanu zaka zambiri: womwalira ali pa chilango, kwaya siimuimbira.

Choncho ndikupempha mwaulemu kuti mukhale pansi, muitane namwino awerenge mapepalawa pamaso pa a Jeremiyasi, ndipo mundiyankhe molemba ndikadali ndi maso owerengera. Mayi a Rozita akufuna kudziwa ngati adzandiperekeze ndi nyimbo kapena mwachinunu.