Ndani Wathira Mchere M'mbalemu?

Mwana wanga anali asanatengedwe kumphasa pamene bambo ake anaimba foni kuti ndipite ku Blantyre. Anali kakhanda ndithu, liwombo likugunda ngati mtima wa kamwanapiye. Kwathu kuno ku Likhubula mwana wotereyu timati ndi wozizira, ndipo mayi wake naye ndi wozizira. Bambo ndi mayi sagonera pamodzi mpaka akuluakulu atanena kuti tsopano mutengeni mwana. Bamboyo akapita kwa mkazi wina m'nyengo imeneyi ndiye kuti watentha, ndipo akanyamula mwanayo, kaya kuthira mchere m'chakudya cha mayi woyamwitsa, mwana amadwala tsempho. Anamwino a kusikelo amati tsempho ndi kuperewera kwa chakudya m'thupi basi, ine sindiwatsutsa, anaphunzira ndi iwo. Koma mwana wa achemwali anga ndinamuona ndi maso angawa, mapazi atatupa ngati mikate, tsitsi litafiira, mpaka tinakamusiya kumanda. Ndiye musandifunse kuti ndimakhulupirira ziti. Ine ndimaopa zonse.

Amuna anga kale ankanyamula zikwama za alendo okwera phiri. Alendo atachepa anapita m'tauni, ine ndili ndi pakati, n'kukapeza ntchito pa lesitilanti ina ya mzungu wa ku Italy, yoperekera anthu chakudya m'maofesi ndi m'nyumba pa njinga yamoto. Mwana anabadwa iwo kulibe. Anangomuona pa chithunzi.

"Abwana amva kuti ndili ndi mwana," anatero pa foni paja. "Ati ubwere tidzadye kuno, ulere. Tchuthi sandipatsa, ndiye ubwere ndiwe."

Ulere, eti. Khoswe naye amapeza mtedza waulere pa msampha. Ndinakawauza amayi anga aakulu, achemwali awo a amayi, amene anandilangiza nditachira. Anali akusenda chinangwa pakhonde, sanadzutse n'komwe mutu.

"Wosatengedwa sayenda. Koma poti waitana ndi mwamuna wako, pita. Mwanayo asamugwire aliyense. Ndipo pakamwa pako pasalowe mchere woti dzanja lake sukulidziwa."

"Nanga bambo ake?"

Apa m'pamene anandiyang'ana. "Bambo ake usawamvere pakamwa. Uwaonere m'manja."

Anatapa mchere wa m'nyumba mwathu n'kundimangira pa nsonga ya chitenje.

M'minibasi ndinakhala chomangika. Pa Nkando panakwera mayi wina ndi dengu la nandolo, wansangala, akuti ndipatseni mwanayo mupumuleko. Ndinati amalira kwa alendo. Mwanayo ali m'tulo, osalira n'komwe. Mayiyo anangoti ooh, n'kuyang'ana pawindo, ine manyazi, koma bola manyazi.

Ku Limbe ndinawapeza akundidikira. Ananenepa masaya, tsitsi atameta mwa anyamata a m'tauni, ndipo ankanunkhira mafuta oti ine sindinawagulepo. Anawerama, n'kusuzumira m'chitenje, akuseka mpaka misozi.

"Ee! Mphunoyi ndi yanga ndithu. Amake mwana, wandiberatu nkhope."

Manja ali kumbuyo. Kenako anatola chikwama changa n'kutsogola. Poyamba mtima unakhala pansi, poti njira yonse ndinkavutika kuti akatambasula manja ndiwakaniza bwanji. Koma tisanafike pokwerera minibasi ina mtima womwewo unadzukanso. Munthu mwana wake woyamba, sanamuonepo chibadwire, osanena n'komwe kuti ndipatse ndimumve kulemera?

Malo ake anali kumpanda, kuli mlonda pageti ndi magalimoto ochapidwa bwino. M'kati munali kamdima ngakhale kunja dzuwa linali paliwombo, ndipo pa tebulo lililonse panali kandulo yoyaka, magetsi ali oyakanso. Ndinaima pakhomo. Kandulo masana, nsalu zoyera ngati za paguwa la kutchalitchi, anthu olankhula monong'ona, n'chiyani chimenechi? Pakona panali uvuni wonga wootchera njerwa, moto uli lawilawi, mnyamata akulowetsamo mabuledi aphanthiphanthi ndi fosholo yaitali. Fungo la adyo, ndi lina ngati mkaka wosasa. Ndinasankha mpando woyang'ana kukhomo. Patsogolo panga anayala mafoloko awiri ndi mpeni wa mano ngati sowo, ndinausunthira kutali ndi mwana.

Anabwera mtsikana woperekera zakudya, wamtali, epuloni yakuda, zikhadabo zopaka utoto wofiira.

"Ehee! A pa njinga lero akhala pampando ngati bwana! Tikupatseni chiyani, bwana mkubwa? Awa ndiye mayi athu aja? Takulandirani, alamu." Atatero anatambasula dzanja kuti akankhe chitenje. "Tamuoneni kabwana, tabwera kuno iwe."

Ine pakamwa ndisanatsegule, amuna anga anali atayankha kale.

"Musamugwire!"

Mawu ake anatuluka mwamphamvu mpaka a tebulo loyandikana anacheuka. Mtsikanayo anabweza dzanja ngati wagwira mbaula. Anawayang'ana, iwo n'kuyang'ana pansi. Mtsikanayo anati pepani. Sanafunse kuti chifukwa chiyani, ndipo ine chimenecho ndinachisunga. Mwina naye ndi wakumudzi, mwambo akuudziwa. Mwina. Koma amuna anga akudziwa bwanji kuti manja a mtsikanayu ndi otentha?

Anatipatsa mabuku a zakudya. Ine sukulu ndinalekezera sitandade seveni, Chingerezi ndimatolako, koma umu munasakanizidwa ndi chinenero china, ndinangozindikira pamene analemba nkhuku ndi pamene analemba ng'ombe. Amuna anga sanatsegule n'komwe. Anati supageti ndi siteki, mbale ziwiri, ophika akudziwa kale.

"Nyama yanu ipse bwanji, alamu?" anafunsa mtsikana uja.

"Ipse bwanji? Kodi ilipo imene imabwera yosapsa?"

Anaseka, n'kundilozera ndi maso tebulo loyandikana. Panali bambo wa tayi, Mmalawi ngati ife tomwe, akucheka nyama yake, ndipo mmene mpeni unkalowa magazi ankayenderera m'mbale, iye n'kumaviikamo mbatata. Mayo ine. Nkhani zimene timamva kumudzi za anthu olemera a m'tauni zinandibwerera zonse nthawi imodzi, ndinamukumbatira mwana mpaka anadzuka.

"Amaikonda choncho," anatero amuna anga. "Ena amaibweza ikapsa."

"Yanga ipse mpaka ide."

Anabweretsa buledi m'kadengu, ndi kambale ka mafuta ophikira, aawisi, oti tiziviika. Sindinakhudze. Buledi amakanda ndi mchere, wakanda ndani, wagona kuti usiku wapitawu? Njala inali itandigwira, njala ya woyamwitsa ija, koma ndinati ndakhuta. Madzi okha ndinamwa, chifukwa botolo ndinatsegula ndekha. Amuna anga ankalankhula, za lendi, za mvula, za mmene magalimoto amawapanikizira pamsewu, ine ndikungoti eya, eya, maso ali pa chitseko cha kukhitchini chimene chinkangotseguka n'kudzitseka chokha. Kuseri kwake kunali manja angati? Aamuna, aakazi, okwatira, osakwatira, onse akutapa m'chitini chimodzi cha mchere.

Chakudya chinafika. Supageti atapiringizana ngati nyongolotsi za m'dimba, pamwamba pali tomato, pambali chinyama chachikulu kuposa chikhatho cha mwamuna. Mtsikana uja anabweranso ndi chimtengo chonga kamunsi, n'kuchiimika pamwamba pa mbale yanga kuti apukuse. Ndinaphimba mbaleyo ndi dzanja.

"Ndi tsabola chabe, alamu."

"Sindidya tsabola."

Atachoka, amuna anga anasendera pafupi, akulankhula motsitsa.

"Usaope. Ndinalankhula ndi ophika dzulo. Mbale yakoyi mulibe mchere ngakhale kambewu kamodzi, madzi owiritsira supageti anakuwiritsira apadera. Kukhitchini konse andiseka. Mzungu mpaka anagwira mutu, ati supageti wopanda mchere ndi tchimo lofunika kulapa. Talawa."

Ndinanyambita nsonga ya foloko. Zoona, munalibe. Kuzizira kwenikweni, ngati phala la wodwala. Taonani, munthu ali m'tauni, wavala jekete ya kampani, koma wakumbukira mwambo, walola kusekedwa ndi anzake chifukwa cha mwana wathu. Ndinatsala pang'ono kuwapepesa pa zimene ndinkawaganizira.

"Mchere ndi uwo," anatero. "Thira wekha."

Unali m'kabotolo ka galasi kobooka pamwamba, pakati pa tebulo, pafupi ndi iwo kuposa ine. Sanandipatsire. Sanakakankhe n'komwe ndi chala. Analoza ndi mlomo, manja ali pansi pa tebulo.

Uwaonere m'manja.

Mwamuna amene wadikira mkazi wake amakhala wozizira ngati mkaziyo. Mchere wake suvulaza. Ndili ndi pakati, asanapite m'tauni, ankatha kuthira okha mu ndiwo ine ndikagona ndi chizungulire, osaganiza kawiri. Lero kabotolo aka kawalemera chiyani?

Mwana anali atayamba kuyamwa. Ndinamugwira ndi manja onse awiri, dala.

"Mwana wanditsekereza manja. Thirani ndinu."

"Muyeso wako sindiudziwa ine."

"Thirani pang'onopang'ono, ndikuuzani polekezera."

"Dikira amalize kuyamwa."

"Chizizira chakudya. Abambo ake, ndithirireni mchere."

Anandiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anatulutsa dzanja n'kukatola kabotolo kaja, n'kukabweretsa pamwamba pa mbale yanga. Sindikudziwa chimene ndinkapempha kwa Mulungu nthawi imeneyo, chifukwa akathira ndiye kuti mwina ndi oyera, komanso mwina ndi munthu woti angalole mwana wake kutupa kusiyana n'kuti achite manyazi pamaso pa mkazi, ndipo ine ndikanasiyanitsa bwanji, ndikanadya kapena ayi? Dzanja lija, limene linkakweza zikwama za azungu mpaka pamwamba pa phiri, linkalemedwa ndi kabotolo kochepa ngati chala. Anakapendeketsa pang'ono. Kaphazi ka mwana kanali katatuluka m'chitenje, sokosi itavuka, tizala tikusewera. Anakayang'ana kaphaziko.

Anaimika kabotolo pa tebulo, pang'onopang'ono, ngati dzira.

"Amake mwana, thira wekha."

Nyimbo ya azungu inkalira chapansipansi. Bambo wa tayi uja ankapukuta pakamwa. Palibe anadziwa kuti pa tebulo lathu pagwa chinthu. Mtsikana uja anali cha ku uvuni, akupukuta tambula imodzi yomweyo osaimaliza, ndipo mpaka lero sindidziwa ngati anali iyeyo kapena wina wa kumene ankachita lendi. Sindinafunse.

Kabotolo kawo sindinakakhudze. Ndinamasula mfundo ya pa chitenje ndi mano, n'kutapa mchere wa kwathu, wa mibulu ikuluikulu, n'kuwaza pa supageti ndi pa nyama. Ndinadya. Foloko inandikanika, supageti ankangoterereka, ndiye ndinamuduladula ndi supuni. Nyama inali youma ngati nkhwaira, mmene ndinaitanitsira. Misozi ikugwera m'mbale, ine ndikutafuna, chifukwa mwana amafuna mkaka, alibe nazo ntchito za akuluakulu. Ndinamaliza zonse. Iwo mbale yawo sanaikhudze.

"Ndilole ndifotokoze," anatero.

"Mukafotokozera ankhoswe. Ine mundiperekeze ku Limbe, ndikagone kwathu."

Sanakane. Ananyamula chikwama changa ngati poyamba paja. Nditakhala m'minibasi anaima pawindo, akuyang'ana mwana, manja ali m'matumba, mpaka kondakitala anamenya chitseko.

Ndinafika dzuwa likulowa, phiri litafiira. Amayi aakulu anali pakhonde pomwe paja. Anandilandira mwana, n'kumuvundukula, kumuyang'ana mapazi, kumuyang'ana masaya.

"Anamunyamula?"

"Ayi."

"Mchere?"

"Ndinawapempha kuti athire. Anakana."

Anamusisita mwana pamsana. Kenako anati, "Ndiye mwanayu ali ndi bambo. Zoti iwe uli ndi mwamuna kapena ayi, tikamba ndi amalume ako."

M'mawa uliwonse nyengo yonse ija ndinkadina kaphazi kake ndi chala, kuona ngati patsale kadzenje. Sipanatsale. Akamatsokomola ndinkathamangira kusikelo, anamwino mpaka anandizolowera. Ankhoswe anakumana, mawu ananenedwa ambiri, ena oti sindingawalembe, akuluakulu anachita zawo za mankhwala, ndipo mwana anali atayamba kukhala pansi yekha pamene bambo ake anamunyamula koyamba. Anamunyamula ngati mtolo wa magalasi.

Lero mwanayo amathamangitsa nkhuku za eni ake, mapazi ali gwa. Bambo ake amabwera pakutha pa mwezi, nthawi zina ndi bokosi la pitsa wozizira, buledi waphanthiphanthi uja, atamangirira kumbuyo kwa njinga, ana a m'mudzi n'kumakanganirana. Timadyera pamodzi. Koma ndiwo ndimazipereka zoperewera mchere pang'ono, dala, kambale ka mchere n'kukaika pakati pa mphasa, ndipo iwo akamalankhula ine ndimayang'ana manja.